Fish tank yasanduka supu ya chibwabwa? Siyani Jik, mvelani kuno

Fashoni ya nsomba za m'galasi yafika mu komboni. Kale tinali kuziona chabe pa reception ya hotela kapena m'nyumba za apamwamba ku Kabulonga, koma manje yendani mu Kaunda Square kuyambila Stage 1 mpaka Stage 2. Mu saluni muli ka fish tank. Mu barbershop muli ka fish tank. Pa bar ina, pakona ya kauntala, pali nsomba zitatu za orange zimene nchito yake ni kuyang'ana anthu akumwa Mosi mpaka pakati pa usiku. M'ma video a nyimbo ndiye musakambe: director aliyense afuna galasi yowala blue kumbuyo kwa woimba, ati zioneke za ndalama.

Chimene video sikuonetsani ni mwezi wachiwili. Galasi ija inali mbee imayamba kugwila ka fumbi ka brown. Pamiyala pamela tsitsi lobiliwila, lalitali monga wigi imene inanyowa na mvula. Tsiku lina mudzuka mupeza manzi onse ali monga supu ya chibwabwa, nsomba muziona chabe zikagunda galasi. Amai ena a saluni ku Stage 2 ananitumila uthenga sabata yatha, ati: "Ba reporter, nathila Jik, nasuka na sopo, nachinja manzi yonse katatu. Nsomba zinayi zafa, vobiliwila vabwela futi. Ma customer baseka. Kapena baniloza?"

Amai, palibe amene wakulozani. Nsomba zinafa ndi Jik ndi sopo, apo tisabisane. Ndipo zobiliwilazo zili ndi dzina: ambuya kumudzi amati ndele, zija zotelela pamwala wa kumtsinje zimene zimagwetsa munthu ali ndi ndowa pamutu. Pa chizungu ati algae. Si dothi lobwela ndi mphepo lakuti mukasuka ndiye kwatha. Ni zomela, zamoyo, ndipo zimamela paliponse pamene pali kuwala ndi chakudya. Amene amazipatsa ziwilizi tsiku ndi tsiku, osaphonya, ni mwini tanki.

Aliyense amene analimapo ka munda ka milisi kumbuyo kwa nyumba adziwa D Compound. Mu thumba lija muli nitrogen ndi phosphorus, zimene zimabiliwilitsa chimanga. Manje mu tanki ya nsomba feteleza yemweyo mumapanga nokha. Nsomba idya, ichita chimbudzi. Chakudya chimene sinamalize chigwa pansi, chiola. Zonsezi zimatulutsa ammonia, amene kwa nsomba ni poizoni. Mwamwayi mu siponji ya filter ndi pamiyala mumakhala ma bacteria abwino, osaoneka ndi maso, amene amasandutsa ammonia kukhala nitrate, ndipo nitrate nsomba zimapilila bola asachuluke. Phosphate nayenso achoka mu chakudya chomwecho. Nitrate ndi phosphate ndiye D Compound wa ndele. Ikani tanki pawindo pamene dzuwa la October limenya kuyambila 10 hours, kapena siyani laiti yake iziyaka usiku wonse chifukwa ioneka bwino pa status, ndiye kuti mwalima dimba, mwathila feteleza, mwathilila. Nanga mudabwa chani likamela?

Apa ndiye pamene kusuka zonse kumapweteka. Mukachotsa manzi onse, mwapala miyala, mwachapa siponji pa pompi ndi sopo, mwapha ma bacteria aja. Tanki iyambilanso monga yatsopano, ammonia akwela, nsomba zofooka zifa. Nsomba yakufa ikagona kumbuyo kwa mwala masiku awili, ni feteleza wina futi. Ndele zokha ndizo sizifa. Kambeu kake kamatsala m'kona mwa galasi, kayembekeza laiti.

Ife a mu Kaunda Square sitifunika kupita kusukulu kuti timvetse izi, kaili phunzilo lili kuseli kwathu. Nikamba ma pond a sewage aja, amene amatipatsa moni mphepo ikatembenuka. Anakonzedwanso ndi kukulitsidwa ndi ndalama za Millennium Challenge, mu pulojekiti ya manzi, zimbudzi ndi ngalande za Lusaka ya madola pafupifupi 355 miliyoni imene inatsekedwa mu 2018, ndipo mapaipi a sewer a ku Mtendere anayalidwa kuti azithila komweko. M'ma pond muja nchito yaikulu sigwilidwa ndi makina. Zoipa zilowa mu pond yoyamba, yakuya, zolema zikhala pansi. Manzi apitilila ku ma pond otambalala, osaya kwambili, kumene dzuwa limenya tsiku lonse. Kumeneko ndele ting'onoting'ono timatulutsa oxygen, ma bacteria atenga oxygen uja n'kudya zoipa, zotsala za ma bacteria ndele zidya. Kudyetsana monga pa chilimba. Akatswili a manzi akaona pond yabiliwila bwino amakondwa. Ikayamba kuda kapena kufiilila ndi kununkha kwambili, adziwa kuti katundu wachuluka kuposa mphamvu yake. Potsiliza manzi atulukila mu Ngwerere, amene akathila mu Chongwe.

So mukaona fish tank yanu yabiliwila, ndele zikugwila nchito yomweyo imene zimagwila ku ma pond: kudya zoipa zimene zachuluka. Kusiyana kwake ni kwakuti inu ka sewage pond mwakaika mu sitting room, pafupi na TV.

Koma si feteleza yense amene achoka mu nsomba. Wina amabwela kale mu chigubu. Mbali yaikulu ya Lusaka, makamaka kum'mwela ndi kumadzulo, inakhala pamwala wa laimu ndi dolomite, ndiye chifukwa chake ketulo imagwila zoyela mkati. Mwala umenewu uli ndi ming'alu ndi mphako, manzi ayenda mwamsanga pansi popanda kusefedwa bwino. M'makomboni monga Kanyama, George ndi Chawama, kumene chimbudzi chokumba ndi chitsime zili monga neba na neba, ofufuza akhala akupeza nitrate wambili m'manzi a pansi. Manzi a pa pompi nawo si onse achoka ku Kafue pa Iolanda. Ambili amapopedwa m'ma borehole a mumzinda momwemuno. A World Health Organization amati manzi akumwa asapitilile mamiligalamu 50 a nitrate pa lita. Anthu osunga ma coral amayesetsa kuti mu tanki yawo akhale pansi pa 10. Muone apo: manzi amene imwe mungamwe popanda vuto, mu tanki ya mchele angakhale kale feteleza wopitilila kasanu. Munthu achinja manzi sabata iliyonse mokhulupilika, osadziwa kuti akuthila urea.

Nipatuke pang'ono, chifukwa iyi ni nkhani ya ana, si ya nsomba. Malile a 50 aja anaikidwa makamaka chifukwa cha makanda omwa mkaka wa m'botolo, kaili nitrate wambili amalepheletsa magazi awo kunyamula oxygen. Kuwilitsa manzi kumapha tizilombo, koma nitrate sachoka. Ngati mumwa za chitsime kapena borehole ya pa plot ndipo fish tank yanu imabiliwila olo muchite bwanji, kapimitseni manziwo. Ndipo dilamu kapena chigubu choyela cha manzi akumwa chikamela ndele mkati, ni chifukwa dzuwa lilowa. Chisukeni, chivundikileni, chichotseni padzuwa. Kumeneko ndiye chlorine ali ndi malo, osati mu nsomba.

Manje tibwele kwa a boss amene safuna goldfish, afuna Nemo.

Mnyamata wina woimba, dzina nisunga chifukwa akali ndi ngongole ya video, anaitanitsa tanki ya manzi a mchele ya mu studio yake: miyala ya kunyanja, ma coral, tunsomba tuwili twa orange twa mizele yoyela, laiti ya blue, zonse kuchoka ku South Africa. N'tapita kukachita naye interview miyezi ingapo pambuyo pake, ninapeza tanki anaiphimba ndi chitenge. Titavundukula, mchenga wonse unali utafunda chinthu chofiilila chotelela monga phala la mawele, miyala yamela ndevu zobiliwila, ma coral aja okongola asanduka brown. Mchele anagula woyenela, filter yabwino, laiti yodula. Manzi okha ndiwo anali kutunga ku borehole ya ba landlord, ndipo anyamata onse olowa mu studio aliyense anali kuwaza chakudya, ati kupatsa moni nsomba. "Boi, nenze kuganiza ni plug and play," anatelo. Awe, mwandi.

Zoseketsa ni zakuti filimu imene inamupatsa chilakolako inamuchenjeza kale. Mu Finding Nemo ya 2003, Nemo ali mu tanki ya dokotala wa mano ku Sydney, ndipo pulani ya nsomba zija yothawila ni kutseka filter ndi kamwala kuti tanki ibiliwile, dokotala akakamizike kuzitulutsa. Posakhalitsa galasi yonse ndele zokhazokha. Pixar pamenepo sananame.

Tanki ya mchele pa Zed ni nkhani ina. Nyanja ya mchele tilibe. Yapafupi ili ku Beira ku Mozambique, ndipo ya ku Dar es Salaam ili kumapeto kwa njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kuchoka pa Kapiri Mposhi. Ndiye manzi a m'nyanja muzipanga nokha. Lita imodzi ya manzi a m'nyanja imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchele. Tanki ya malita 200 ifuna makilogalamu 7 poyamba pokha. Mukamachinja malita 20 pa sabata, ni magalamu 700 sabata iliyonse, makilogalamu oposa 36 pa chaka. Ndipo si mchele wa pa kantemba wothila mu kapenta; ni wosakaniza mwapadela, uli ndi calcium, magnesium ndi zina, wochoka kunja, wogula ndi dola. Manzi osungunulila mchelewo ayenela kudutsa mu makina a RO, aja osefa mpaka kutsale manzi okhaokha, monga amene amagwilitsa nchito ogulitsa manzi a m'mabotolo. Manzi akauma ndi kutentha, mchele suuluka, utsala. So powonjezela mumathila manzi a RO opanda mchele, apo ayi tanki isanduka ya kukolekela nyama.

Msampha waukulu uli pa coral yeniyeniyo. Coral ioneka monga mwala kapena duwa koma ni nyama, ndipo mkati mwa thupi lake mumakhala tundele tosaoneka ndi maso, tumene tumaipangila chakudya kuchoka ku kuwala. Ni lendi yabwino: coral ipatsa nyumba, tundele tulipila ndi shuga. Ndiye coral ifuna laiti yamphamvu maola ambili pa tsiku. Laiti yomweyo ndiyo imene ndele zosafunika zikuyembekeza. Wa goldfish angazimitse laiti sabata yonse, nsomba sizidandaula. Wa coral sangathe kuchita izi nthawi yaitali. Chida chimene chamutsalila ni njala: kumana ndele chakudya. Kunyanja kumene ma coral amakula bwino, manzi amakhala oyela mbee chifukwa ni osauka, mulibe feteleza. Kusunga umphawi umenewo mu bokosi la galasi, nsomba zikudya ndi kuchita chimbudzi momwemo, ndiyo nchito yonse ya mwini tanki.

Ndele nazo zili ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi uthenga wake. Ka fumbi ka brown kamene kamabwela tanki ikali yatsopano ni ma diatom. Amadya silicate wa mu mchenga ndi m'manzi, akamaliza amazimilila okha pakapita masabata ochepa. Osachita nawo nkhondo, pukutani galasi chabe. Zofiilila zotelela zija za mu studio, zimene zimayala pamchenga monga bulangeti ndi kugwila tuthovu masana, kwenikweni ni ma bacteria, cyanobacteria. Zimakonda pamene manzi sayenda ndipo zoola zaunjikana. Mumazikoka ndi kapaipi, muonjezele pampu yoyendetsa manzi, muchepetse chakudya. Pali tumipila tobiliwila towala monga mabo a ana, bubble algae. Tuchotseni bwinobwino ndi dzanja tukali tochepa. Pali zapinki ndi zapepo zolimba monga penti pamwala, coralline. Izo musapale pamiyala, ni zabwino, zionetsa kuti tanki yakhwima.

Mfumu ya mavuto ni tsitsi lobiliwila, hair algae. Limamela pamwala, likula, lifunda coral, liitsekela kuwala mpaka ife. Ndipo lili ndi chinyengo. Mugula test kit, mupima nitrate ndi phosphate, zionetsa ziro, inu muti manzi ali bwino. Ziro uja ni chifukwa tsitsi likudya feteleza yense asanafike mu kabotolo kanu kopimila. Zili monga kuyang'ana mu poto n'kupeza mulibe nsima, n'kunena kuti nyumba ino sadya. Muyang'ane mimba za ana. Njila yake ni yotopetsa: kuzula ndi dzanja, kupala ndi mswachi wakale mwala uli mu beseni ya manzi a mchele kunja kwa tanki, n'kutaya. Chimene mwazula n'kutaya ndiye feteleza amene watulukadi mu tanki. Chimene mwapala n'kusiya chiyandama, chiola, chibwelela. Ena amaika protein skimmer, makina opanga thovu limene limanyamula zoipa zisanaole. Ena amasunga dala ndele za mtundu wa chaeto mu ka tanki kena pansi, ndi laiti yakeyake, kuti zidye feteleza kumeneko, n'kumazidula mwezi ndi mwezi. Ma pond a Kaunda Square aang'ono, mu kabati.

Koma osapitilila muyeso. Amene amapukuta nitrate ndi phosphate mpaka ziro weniweni nthawi zambili amaitana chilombo china, ma dinoflagellate, zamamina za brown zimene zina zili ndi poizoni wopha nkhono. Coral nayo ifuna kadyedwe pang'ono. Dayeti, osati njala ya 2002.

Kunyanja yeniyeni ndele zimadulidwa ndi ziweto, monga mbuzi zimadulila udzu pa ground. Okonda dancehall, iyi ni ya kwanu ku Jamaica. Kumeneko asodzi anali atatha kale nsomba zambili zodya ndele. Mu 1980 mphepo ya Hurricane Allen inaphwanya ma coral. Amene anatsala akugwila nchito yodula ndele anali sea urchin, kanyama kozungulila monga mpila kokhala ndi minga yaitali yakuda monga ya nungu. Mu 1983 kunabuka matenda amene anapha pafupifupi tonse mu Caribbean. Wasayansi Terry Hughes analemba mu magazini ya Science mu 1994 kuti ma coral a ku Jamaica, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anali kuphimba malo oposa theka, anatsika kufika pansi pa 5 pelesenti, pamene ndele zinakwela kuchoka pa 4 kufika pa 92 pelesenti. Dziko lonse linaona zimene mnzathu wa studio anaona pansi pa chitenge.

Ndiye mu tanki ya mchele muyenela kulemba nchito ma garden boy: nkhono za turbo ndi trochus, tunkhanu, urchin mmodzi ngati malo alipo. Nsomba za mtundu wa tang nazo zimadya ndele tsiku lonse, monga Bubbles, uja wa yellow wopenga ndi thovu mu filimu. Koma tang ni nsomba yothamanga. Dory, uja wa blue, akakula afuna tanki yotalika pafupifupi mamita 2, osati ka galasi ka pa shelefu. Ndipo ma garden boy amadula udzu waufupi. Tchile lalitali muyambe mwazula nokha. Chenjezo limodzi lalikulu: mankhwala ambili opha ndele m'ma swimming pool, ndi ena ochilitsa nsomba, ali ndi copper. Copper watidyetsa dziko lino kuyambila kale, koma mu tanki ya coral amapha nkhono, ma shrimp ndi coral yomwe, ndipo amakakamila m'miyala.

Zonse izi nakamba ngati kuti malaiti alipo. Mukumbuka 2024. Chilala chinalengezedwa kukhala tsoka la dziko pa 29 February, Kariba inatsika, ndipo pofika September madela ambili anali kukhala mpaka maola 21 pa tsiku opanda magetsi. Tanki yobiliwila ndi mdima wa malaiti ni ukwati woipa kwambili. Masana ndele zimatulutsa oxygen, koma usiku zimapuma monga ife, zimamwa oxygen yemweyo amene nsomba zifuna. Pampu yaima, manzi sagwedezeka, kunja kwatentha, ndipo manzi ofunda amasunga oxygen wochepa. M'mamawa kusanache ndiye nthawi imene nsomba zimakwela pamwamba, pakamwa yasa yasa. Ambili amene anataya nsomba chaka chija anazipeza zakufa podzuka, n'kumaganiza kuti ni matenda. Ma bacteria a mu filter nawonso amafa manzi akaleka kudutsa maola ambili, malaiti pobwela filter ilavulila zoola mu tanki. Kenaka ndele zikondwela.

Chotchipa chimene chingapulumutse nsomba ni ka air pump ka USB kolumikiza ku power bank, kapena ka mabatile. Ngati kulibe, tengani kapu, tungani manzi a mu tanki, muwathile kuchoka m'mwamba kuti achite thovu, kangapo pa ola. Malaiti akapita nthawi yaitali musadyetse. Nsomba yaikulu yathanzi ikhoza kukhala masiku awili atatu osadya, koma siingakhale usiku umodzi opanda mpweya. Za coral nisakunamizeni: ifuna manzi oyenda usana ndi usiku ndi kutentha kosasinthasintha, madigili 24 mpaka 26. Ngati mulibe solar ndi inverter yodalilika, ndalama ya coral kagulileni plot ku Chongwe.

Kwa amai a saluni ndi onse a goldfish ndi ma guppy, nkhani ni yopepuka. Chotsani tanki pawindo. Laiti iziyaka maola 6 mpaka 8, mukatseka saluni muzimitse. Nsomba nazo zimagona. Chakudya kamodzi pa tsiku, chimene zingamalize m'mamineti awili, ndipo wodyetsa akhale munthu mmodzi. Botolo la chakudya bisani mu drawer, kaili ma customer ndi ana awo ali ndi chifundo chopha. Nsima, buledi, ma jiggies, ayi. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo asanu a manzi, mukukoka ndi kapaipi zoola za pansi pa miyala, muthile ena amene agona mu ndowa yosavundikila tsiku lathunthu kuti chlorine auluke, kapena amene mwathila mankhwala ochotsa chlorine. Siponji ya filter muifinye mu manzi akale amene mwachotsa mu tanki, osati pa pompi. Galasi palani ndi ATM card yakutha. Manzi akale kathileni mu lepu kumbuyo kwa nyumba, mudzanithokoza. A mchele okha musayese, aumitsa dimba.

Ngati manzi afika kale pa supu ya chibwabwa, kuchinja sikuthandiza kwambili, tundele toyandama tumachulukana msanga kuposa mmene mungatungile. Zimitsani laiti, fundikani tanki yonse ndi bulangeti masiku atatu kapena anayi kuti kusalowe kuwala olo pang'ono, air pump ili kuyaka, chakudya osapatsa. Mukavundukula muchinje gawo la manzi kuti zakufa zituluke. Osasuzumila tsiku lachiwili. Ndipo muwelenge nsomba zanu: goldfish imadya ndi kuchita chimbudzi monga nkhumba ya m'manzi, zisanu ndi imodzi mu ka galasi ka malita 20 palibe filter imene ingakwanitse. Ija yoyamwa galasi imene amakugulitsani ati "cleaner", pleco, ikali yaing'ono ithandiza, koma mtundu wofala umakula kufika kutalika kwa lula ya kusukulu ndi kupitilila, ndipo zimene imatulutsa zimaposa zimene imapukuta. Ikakukulilani mupatse wina wa tanki yaikulu, osakaitaya mu Ngwerere.

Chimene chimaniwawa ine ni chakuti tikuvutika ndi Nemo pamene nsomba zimene anthu a ku Germany, Japan ndi America amalilila zili kwathu. Ife Mpulungu timaidziwa chifukwa cha kapenta ndi buka buka. Koma m'miyala ya m'mbali mwa Tanganyika muli tunsomba twa mtundu wa cichlid, ndipo imodzi yotchuka kwambili ni Tropheus moorii. M'mashopu a nsomba ku Ulaya mitundu yake amaitchula ndi maina a malo athu: Mpulungu, Kasakalawe, Chaitika, Ilangi, Ndole. Ina ili ndi lamba wa yellow, ina yofiila monga moto, ina mitundumitundu. Anzathu a ku Malawi ali ndi zawo, mbuna, za blue ndi yellow zowala mwakuti mlendo angalumbile kuti ni za m'nyanja ya mchele. Ndipo chakudya cha Tropheus ndi mbuna zambili kwawo ni chani? Ndele za pamiyala. Pakamwa pake panapangidwila kupala mwala. Tsitsi lobiliwila limene wa coral akulila nalo, izi zimaona salad.

Manzi a m'nyanja ziwilizi ni olimba, a laimu, makamaka a Tanganyika. Manzi aja amene amaononga ketulo yanu mu Lusaka, nsomba izi ndiye kwawo. Mchele wa dola sufunika, RO sifunika, bola nitrate wa borehole yanu asakhale wokwela. Miunjikileni miyala, laiti yamba, ndele zimele pamiyala mwadala, inu muzipukuta galasi ya kutsogolo chabe.

Zili ndi khalidwe lake, nikuuzileni pasadakhale. Tropheus ni ndewu monga ma call boy pa siteshoni: mukaika zitatu, yamphamvu izunza zinzake mpaka kufa. Zimasungidwa gulu, 12 kapena kuposa, mu tanki yotalika mita ndi theka, kuti wankhanza asokonezeke wothamangitsa. Musazisakanize ndi goldfish. Chakudya chikhale cha masamba, ma flakes a spirulina. Mukazipatsa zanyamanyama mimba imatupa, ndipo zikatupa zambili sizichila. Komanso Lusaka ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,300, usiku wa June ndi July umaluma. Tanganyika sazizila chotelo. So heater ifunika, ndipo pa usiku umene malaiti yayenda, bulangeti ija munafundikila ndele muifundikenso tanki, ka air pump kali kulila mkati.